Chitsime, Pangano ndi Mtengo

Kuwerenga kwa lero: Genesis 21:22-34

Mvula yayamba, makasu ali m'manja, ndipo tikudziwa kuti ambiri mwangoweruka kumunda. Khalani pansi pang'ono, tikambirane za madzi.

Mawu amene tawerenga akutiuza za Abrahamu ali nkhalamba ya zaka zoposa 100, akukhala m'dziko la eni ake. Tsiku lina mfumu Abimeleki inabwera kwa iye pamodzi ndi Fikolo, mkulu wa asilikali, kudzapempha kuti alumbirirane za mtendere. Abrahamu anavomera, koma anali ndi nkhani kukhosi. Antchito a mfumuyo anali atamulanda chitsime chimene iye anakumba. M'dziko louma ngati lija, kulanda munthu chitsime kunali kumuphera ziweto ndi ana omwe. Choncho Abrahamu anaidandaulira mfumu pamaso. Mfumu inayankha kuti nkhaniyo sinkaidziwa, inali kuimva koyamba tsiku lomwelo. Atatero anapangana pangano, ndipo Abrahamu anapatula ana a nkhosa aakazi asanu ndi awiri kuti akhale umboni woti chitsimecho anakumba ndi iye. Malowo anatchedwa Beereseba. Alendo atabwerera kwawo, nkhalamba ija inabzala mtengo pamalopo, nipemphera kwa Mulungu wamuyaya.

Taonani ndondomeko yake: analankhula, anapangana, anabzala, anapemphera. Zinthu zinayi izi ndizo tikufuna kuti tinyamule lero, chifukwa nafenso tili ndi chitsime chimene chikutichoka m'manja.

Chitsime chathu chachikulu ndi mtsinje wa Chongwe, pamodzi ndi ana ake monga Chalimbana ndi Ngwerere. Madzi ake amathirira madimba athu, amamwetsa ng'ombe zathu, amadzaza damu limene tauni ya Chongwe imadalira, kenako amatsikira ku Zambezi. Koma tonse ndife mboni kuti zaka zina, monga mu 2019, damu lija linauma, mipope inangoti zii, ndipo anthu a patauni ankadikira magalimoto a matanki atanyamula zigubu. Amayi a kumidzi ankafukula mchenga pakati pa mtsinje kufuna madzi ophikira.

Ife amene tinakalambira pa choko tinkafunsa ana m'kalasi kuti: mvula imaleka mu Malichi kapena mu Epulo, nanga madzi amene amayenda mumtsinje mu Okutobala amachokera kuti? Yankho lake ndi lakuti amachokera pansi pa nkhalango. Mvula ikagwa pamitengo, masamba amaichepetsa mphamvu. Ikafika pansi imapeza zinyalala za masamba, ndipo imalowa m'nthaka pang'onopang'ono motsatira mizu. Madziwo amakhala mmenemo, n'kumatuluka pa akasupe ndi m'madambo chilimwe chonse. Nkhalango ndi nkhokwe ya madzi. Mitengo ikatha, mvula imamenya nthaka yopanda kanthu, imathamanga tsiku limodzi itanyamula dothi, n'kukalitaya mudamu. Mu Januwale timalira madzi osefukira, mu Okutobala timalira ludzu, koma matenda ake ndi amodzi.

Tiyambe ndi choyamba: Abrahamu analankhula.

Kum'mawa kwa Lusaka kuli nkhalango imene boma limaitcha Forest 27, ndipo ndi kumene mtsinje wa Chalimbana umabadwira. Inaikidwa pansi pa chitetezo cha lamulo mu 1957. Mu 1983 chitetezocho chinachotsedwa, nkhwangwa zinalowa, ndipo mtsinje unayamba kuphwa. Tsono mverani zimene anthu wamba anachita. Alimi ndi anthu a m'midzi ya m'mbali mwa Chalimbana, okwana ngati 2,500, anasaina kalata ya madandaulo yopita kwa mtsogoleri wa dziko. Mu 1996, m'nthawi ya Pulezidenti Chiluba, nkhalangoyo inabwezedwa m'manja mwa lamulo. Zitsa zinaphuka, tchire linabwerera. Paja akuluakulu amati madzi saiwala khwawa.

Nkhaniyi sinathere pomwepo. Kuyambira mu 2017 mpaka 2019 zigawo zazikulu za nkhalango yomweyo zinachotsedwanso kuti pamangidwe nyumba. Bungwe la anthu a kuno lotchedwa Chalimbana River Headwaters Conservation Trust, pamodzi ndi atsogoleri a Asoli a pansi pa amfumu aakulu Nkomeshya Mukamambo II, sanakhale chete. Analemba makalata, analankhula pa wailesi, mpaka anafika nayo nkhaniyo kukhoti. Izi zikutiphunzitsa kuti chitsime sachiteteza kamodzi kokha. M'badwo uliwonse umafunika kuchiimirira pawokha.

Mkhristu wina amaganiza kuti kufatsa ndiko kutseka pakamwa. Koma taonani Abrahamu. Sanatenge mkondo, ngakhale mkulu wa asilikali anali pomwepo. Sanatukwane. Sanapitenso kukanyinyirika kuseri kwa hema. Ananena chilungamo pamaso pa mfumu, mwaulemu. Ndipo yankho la mfumu litiphunzitse kanthu: inati sinkadziwa. Kaya inanena zoona kaya ayi, kuyambira tsiku limenelo sikanathanso kunena kuti sinamve. Mukaona mathiraki akukumba mchenga pagombe la mtsinje usiku, mukaona mkuyu wa pakasupe waikidwa nkhwangwa, pitani kwa amfumu a m'mudzi, pitani kwa khansala, pitani ku ofesi ya zankhalango pa boma. Musapite nokha. Pitani asanu, pitani khumi, mutalemba papepala tsiku ndi malo.

Chachiwiri: Abrahamu anapangana pangano.

Apa tilankhule mosabisa za malasha. Aliyense woyenda mu Great East Road amaona matumba atandandalikidwa m'mbali mwa msewu, ndi njinga zolemedwa zikukwera chitunda kulowera ku Lusaka. Wootcha malashayo si mdani wochokera kutali. Ndi mwana wathu, ndi mlamu wathu, ndipo Lamulungu timakhala naye pa benchi imodzi. Akufuna feteleza, akufuna yunifolomu ya mwana, akufuna mankhwala a mayi ake. Kumbukirani 2024. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinapserera. Madzi ku Kariba anatsika, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo mbaula iliyonse mu Lusaka inkafuna malasha. Munthu amene munda wake wauma, mtengo uli pakhomo, wogula ali pamsewu, mungamuletse ndi mawu okha?

N'chifukwa chake pamafunika pangano, ndipo wootcha malasha akhale nawo pa bwalo popangana. Mudzi ungathe kugwirizana kuti m'mbali mwa mtsinje ndi pa akasupe palibe kudula. Masuku, mpundu ndi mitengo ina ya zipatso isakhudzidwe. Dera ili tidule chaka chino, dera ilo lipume zaka zingapo. Moto wosakira mbewa uthe. Lamulo la zankhalango la 2015 limalola anthu a m'mudzi kupanga gulu, kulilembetsa, ndi kusainirana ndi boma kuti aziyang'anira nkhalango yawo ndi kupindula nayo. Nkhalango yoimirira imabereka chaka ndi chaka: uchi, bowa, masuku, mankhwala, udzu wofolerera. Uvuni wa malasha umalipira kamodzi basi.

Ndipo musaiwale ana a nkhosa asanu ndi awiri aja. Abrahamu ndiye anali wolakwiridwa, koma ndiye anatulutsa ziweto m'khola mwake. Pangano lopanda mtengo wake silikhalitsa. Kwa ife mtengo wake ungakhale mizere iwiri ya chimanga imene tisiya osalima pagombe la mtsinje. Ungakhale tsiku limodzi pamwezi lolambula njira yotchinga moto. Ungakhale kulemba ganyu mnyamata amene akanakadula mitengo, kuti atikumbire maenje obzalamo.

Chachitatu: Abrahamu anabzala mtengo.

Baibulo lathu limautchula bwemba. Amene munabzalapo bwemba mukudziwa kuti sathamanga. Munthu wa zaka zoposa 100 sabzala mtengo wotere kuti adzakhale pamthunzi wake yekha. Ankaganiza za Isake, amene anali akadali mwana. Ife a imvi, mawu awa ndi athu. Tisanene kuti zimenezi n'za ana a sukulu.

Ntchito yake si yovuta, ndipo mbali yaikulu sifuna ndalama. Yambani ndi zitsa zimene zili kale m'munda ndi m'tchire. Chitsa cha mtondo kapena mombo chili ndi mizu yakuya, ndipo chimatulutsa mphukira zambiri. Sankhani ziwiri kapena zitatu zolimba, dulani zotsalazo, muziteteze ku moto ndi mbuzi. Zidzakula msanga kuposa mbande ya m'chubu, ndipo nthambi zimene muzisadza zidzakhala nkhuni. M'munda wa chimanga bzalani msangu. Mtengo umenewu uli ndi khalidwe lodabwitsa: umayoyola masamba nthawi ya mvula, choncho sutchinga dzuwa pa mbewu, ndipo masambawo amasanduka manyowa. M'mbali mwa mtsinje bzalani mkuyu, katope ndi nsungwi, zimene zimagwira dothi. Bulugamu amamwa madzi ambiri, mumubzale kumtunda, kutali ndi kasupe.

Aphunzitsi tili nawo pafupi. Ku Kasisi, abale athu a Chijezuwiti anatsegula malo ophunzitsira alimi mu 1974, ndipo kuyambira cha m'ma 1990 akhala akuphunzitsa ulimi wa manyowa, kasinthasintha wa mbewu ndi kubzala mitengo m'minda. Anthu amachokera kutali kudzaphunzira zimenezi, pamene ife tingafikeko pa njinga.

Chaka ndi chaka, pa 15 Disembala, dziko lathu limatsegulira nyengo yobzala mitengo. Koma kubzala ndi tsiku limodzi, kulera ndi zaka zitatu. Mbande zambiri zimafa mu Seputembala chifukwa palibe mwini wake. Mtengo uliwonse ukhale ndi dzina la munthu woulera. Mitengo isanu yamoyo iposa mitengo zana yongojambulitsa.

Chachinayi: Abrahamu anapemphera.

Pemphero linabwera manja ake ali ndi dothi. Chaka chilichonse pa mwambo wa Chakwela Makumbi timaona amfumu aakulu akupempha mvula, kenako akugwira khasu n'kubzala mbewu yoyamba. Makolo ankadziwa kuti kupempha ndi kugwira ntchito zimayendera limodzi. Mvula amapereka ndi Mulungu, ndipo palibe wa ife angaikoke ndi chingwe. Koma nkhokwe yosungiramo mvulayo anaisiya m'manja mwathu. Tikapempha madzi kwinaku tikupasula nkhokwe, tikufuna kuti Mulungu athire mu mtsuko wobooka.

Mumpingo wathu wa Anglican tili ndi zizindikiro zisanu za utumiki. Zinayi zoyamba ndi kulalikira Uthenga Wabwino, kuphunzitsa ndi kubatiza, kuthandiza ovutika, ndi kulimbana ndi zosalungama. Chachisanu, chimene chinawonjezedwa mu 1990, ndi kusamalira chilengedwe. Pa msonkhano wa mabishopu ku Lambeth mu 2022 anayambitsanso ntchito yotchedwa Communion Forest, yolimbikitsa mipingo yathu pa dziko lonse kuteteza ndi kubzala mitengo. Koma mtsinje sufunsa kuti mumapemphera kuti. Mkatolika, wa Reformed, wa UCZ, wa Sabata, wa Pentekoste, tonse timatunga pa dooko limodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono pempho lathu sabata ino ndi ili. Mapemphero a Lamulungu akatha, musabalalike msanga. Amayi a Mothers' Union, abambo ndi achinyamata, khalani pansi pa mtengo, mufunsane kuti madzi amene mumamwa amachokera pati. Pakati pa sabata tumani anthu akaone malowo ndi maso, ayende m'mbali mwa mtsinje, awerenge zitsa. Zimene apezazo mukazitule kwa amfumu, ndipo muitane mipingo inzathu. Banja lililonse lisankhe zitsa zisanu zolera mvula ino isanathe.

Tipemphere.

Mulungu wamuyaya, Inu amene munamva Abrahamu pa chitsime cha Beereseba, timvereni nafenso ana anu a ku Chongwe. Tikuthokozani chifukwa cha mvula imene yayamba. Tipatseni pakamwa polankhula zoona mwaulemu, ndi mtima wosunga zimene tapangana. Kumbukirani abale athu amene amadya za malasha, muwatsegulire njira zina zopezera chakudya. Patsani nzeru amfumu athu ndi onse olamula, kuti aziganizira ana osabadwa. Dalitsani mbande iliyonse imene tibzale, kuti adzukulu athu adzatunge madzi mu Chalimbana ndi mu Chongwe mwezi wa Okutobala. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.