Kodi Roosevelt Adadziwiratu za Pearl Harbor?

M'nkhani yathu ya mbiri yakale lero tiona funso limene lakhala likuutsa mkangano m'dziko la America kuyambira nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse.

Lamulungu m'mawa pa 7 Disembala 1941, nthawi itatsala pang'ono kukwana 8 koloko, ndege zankhondo za Japan zoposa 350 zidaponya mabomba padoko la Pearl Harbor ku Hawaii, pamene zombo zankhondo za America zidakocheza. Anthu 2,403 adaphedwa, ndipo 1,177 mwa iwo adali a m'chombo chimodzi chotchedwa Arizona. M'mawa mwake America idalowa m'nkhondo. Pa nthawi yomweyo Japan idaukiranso maiko olamulidwa ndi Britain, ndipo n'chifukwa chake asilikali athu a K.A.R. adakamenya nkhondo ku Burma mu 1944.

Nkhondo isadathe n'komwe, ena adayamba kunena kuti Pulezidenti Franklin Roosevelt adadziwiratu za chiwembucho koma adangokhala chete, pofuna kuti anthu ake, amene ambiri ankakana nkhondo, akwiye ndi kuvomera. Mtolankhani John T. Flynn adalemba zimenezi mu 1944, ndipo mu 1982 John Toland adaziutsanso m'buku lake lotchedwa Infamy.

Anthu oterewa amati utsi sufuka popanda moto, ndipo mfundo zawo zazikulu ndi ziwiri. Yoyamba njakuti kuyambira mu 1940 akatswiri a America ankatha kumasulira mauthenga achinsinsi amene boma la Japan linkatumiza kwa akazembe ake. Yachiwiri njakuti zombo zonyamula ndege, Enterprise ndi Lexington, sizidali padoko tsikulo, ngati kuti wina adazithawitsa dala.

Tiyeni tiziunike bwino. Mauthenga a akazembewo adaonetsadi kuti zokambirana zalephera ndipo nkhondo yayandikira, koma palibe ndi umodzi womwe umene udanena kuti Pearl Harbor idzaukiridwa, pakuti ngakhale akazembe a Japan ku Washington sadauzidwe za chiwembucho. Zombo zimene zidanyamula ndege zoukirazo zidanyamuka pa 26 Novembala ndipo zidayenda ulendo wonse osatumiza mawu pa wayilesi. Nazo Enterprise ndi Lexington zidali zitatumidwa kukasiya ndege pa zilumba za Wake ndi Midway.

Pa 27 Novembala boma lidachenjeza akuluakulu a nkhondo ku Hawaii, Admiral Kimmel ndi General Short, kuti nkhondo ingabuke tsiku lililonse. Koma maso a onse adali ku Philippines, Malaya ndi Thailand. Short, poopa kuti adani obisala pachilumbapo angaononge ndege zake, adaziika pamodzi pabwalo kuti zilondedwe mosavuta, ndipo mabomba adazipeza pompo. M'mawa wa tsoka uja asilikali awiri adaona gulu la ndege pa makina a radar, koma wamkulu amene adalandira uthengawo adayesa kuti ndi ndege za America zimene zinkayembekezeka kuchokera ku California.

Taganiziraninso ichi: mdani amene Roosevelt ankamuopa kwambiri adali Hitler. Kumenyedwa ndi Japan sikukadamupatsa nkhondo ndi Germany, Hitler mwini akadapanda kuilengeza pa 11 Disembala. Ndipo kuti anthu akwiye sipadafunike kuti zombo zimire. Kuukira kokhako kukadakwanira.

Komiti ya nyumba ya malamulo idafufuza nkhaniyi mu 1945 ndi 1946. Idapeza kulekerera ndi kusamvana pakati pa maofesi, ku Hawaii ndi ku Washington komwe, koma ambiri mwa mamembala ake sadapeze umboni wakuti Pulezidenti adapereka anthu ake. Mu 1962 mayi Roberta Wohlstetter adafotokoza kuti zizindikiro zoona zidaliko, koma zidakwiririka pakati pa mauthenga ambirimbiri osocheretsa. Tsoka likagwa, aliyense amaona mapazi ake bwinobwino. Lisadagwe, mapaziwo amasokonekera ndi ena.

Choncho, omvera, tisiyanitse pakati pa kudziwa kuti mvula idzagwa ndi kudziwa mtengo umene mphezi idzang'ambe. Kunena munthu kuti adapereka anzake 2,403 ku imfa ndi mlandu waukulu, ndipo mlandu waukulu umafuna mboni, osati mphekesera.