Udindo wa Mpingo pa Nkhalamba Zodwala Shuga



Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga dambolo likayamba kuuma, adzalisamala ndani? M'mipingo muli nkhalamba zambiri zodwala matenda a shuga. Chiyambire 1921, pamene Banting ndi Best anapeza insulin ku Toronto, nthendayi ili ndi mankhwala, koma mankhwala okha sakwanira, pakuti wodwala aliyense ali ndi mtolo wakewake.

Wina maso anachita chidima, sangathe kuyeza yekha mlingo wa jekeseni. Wina mapazi anachita dzanzi, bala limakula iye osamva. Mdzukulu aphunzitsidwe ndi namwino kuyang'ana mapaziwo tsiku ndi tsiku. Wina amamwa mankhwala nasala kudya chifukwa cha mapemphero. Shuga akatsika amanjenjemera, natuluka thukuta, nalankhula zosamveka, ndipo osadziŵa amamutcha mfiti. Wotereyo, ngati akutha kumeza, amwetsedwe msanga madzi a shuga, ndipo mbusa wake amumasule pa lamulo la kusala.

Mtolo wina ndiwo kusungulumwa, pakuti wotaya mtima amaleka mankhwala. Chifukwa chake akulu a mpingo pokayendera asafunse za chopereka chokha. Akhale pamphasa, amve madandaulo ake, ndi kumperekeza ku chipatala tsiku lake likakwana. Sinodi isaiŵale manja amene anaimanga.