Mafuta akasowa mu Lilongwe, wolira ndi wa ku Dowa



Anzathu a m'tauni amakonda kunena kuti zionetsero ndi zao, ife a kumudzi timangomvera pa wailesi. Ine ndikukana. Tiyeni tikumbutsane za pa 20 July 2011.

Chaka chimenecho mafuta a galimoto adasowa. Anthu ankagona pa mizere m'malo omwetsera mafuta, ena nkumagula a m'zigubu pa mtengo wolilitsa. Mwini minibasi akagula modula chotero, amabweza pa ndani? Pa iwe wokwera. Mlimi wa kuno amene ankafuna kulondola fodya wake ku Kanengo adalipira kawiri: matola adakwera, fodyayo nkukagulidwanso motchipa, mabelo ena kubwezedwa. Fodya akalephera, ndalama zakunja sizilowa, ndipo popanda ndalama zakunja mafuta sabwera. Mwaona kuti nkhaniyi idayambira m'zigafa zathu zomwezi?

Pamwamba pa izo, boma la Bingu wa Mutharika lidathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, mu April, maiko otithandiza nkuyamba kuumitsa manja. Bajeti ya chaka chimenecho idaonjezera misonkho pa zinthu zofunika pakhomo. Koma ndege ya pulezidenti, yogulidwa mu 2009, inalipo ndithu!

Tsono anthu adavala zofiira natuluka ku Mzuzu, ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Karonga. Dzulo lake, anyamata a chipani cholamula adazungulira mu Blantyre akunola zikwanje pamseu, dzuwa likuswa mtengo. Pa masiku awiri, anthu 20 adafa, ambiri ndi zipolopolo za apolisi. Ena a iwo agona ku manda a Zolozolo ku Mzuzu. Masitolo adaswedwa, inde, ndipo wakuba ndi wakuba. Koma dziko lino lili ndi makhoti, ndipo palibe lamulo lonena kuti wonyamula thumba la shuga aomberedwe pomwepo.

Inu amene mudathawa dziko lino mukudziwa kuti kale Dzaleka, pafupi pompa, inali ndende ya anthu olankhula zotere. Mukudziwanso kuti mu May 1992, antchito a ku David Whitehead atanyanyala chifukwa cha malipiro, magazi adakhetsedwa mu Blantyre. Gawo 38 la malamulo oyendetsera dziko, lopatsa munthu ufulu wochita zionetsero mwamtendere, lidagulidwa ndi magazi amenewo.

Wina afunsa kuti nanga kuba kudatha? Ai. Bingu adamwalira mu April 2012, kwacha idagwetsedwa mu May, mitengo nkukweranso. Mu 2013 kudaphulika Cashgate, ndalama za boma zikupezeka m'mabuti a galimoto za antchito a ku Capital Hill, pamene zipatala zathu zinalibe mankhwala. Koma nthawi imeneyo ena adamangidwa, nduna yakale Ralph Kasambara adazengedwa mlandu, ndipo manyuzipepala adalemba maina poyera.

Chomwe ndikupempha kwa mafumu ndi ichi: ana anu akafuna kupita kwa a DC ndi chikalata cha madandaulo a mitengo, musawaopseze kuti muwalanda minda. Lamulo limati adziwitse a DC kutatsala maola osachepera 48 kuti tsikulo lifike. Kudziwitsa, osati kupempha chilolezo.