Kaciwalo Kamene Kanayesedwa Kacabe

 Mau anga lero ali a munthu wina wofufuza za citetezo ca m'thupi, dzina lace Jacques Miller, ndi cimene ife ophunzitsa za cilengedwe tingatole pa nchito yace.

Miller anabadwa m'caka ca 1931 ku Nice, m'dziko la France, koma anakulira ku Shanghai, ku China. Mu 1940 mlongo wace wamkulu anamwalira ndi cifuwa cacikulu, zaka zowerengeka mankhwala a nthendayo asanapezeke. Mu 1941 banja linasamukira ku Sydney, ku Australia, kumene iye anaphunzira udokotala. Mu 1958 anapita ku London, ku Chester Beatty Research Institute, kukafufuza khansa ya m'magazi imene imagwira mbewa.

Tsono m'cifuwa mwa munthu, kuseri kwa fupa la pakati, pamwamba pa mtima, muli kaciwalo kofewa, dzina lace thymus. Mwa mwana kamakhala kakakulu, koma munthu akasinkhuka kamafota. Madokotala a masiku aja anakayesa kacabe, pakuti akakacotsa mwa nyama yaikulu sipanali kuoneka coipa ciri conse. Ena anati ndiwo manda a maselo oyera a m'magazi, kumene amakafera akakalamba.

Pofufuza khansa ija, Miller anacotsa kaciwaloka mwa mbewa zobadwa kumene. Poyamba zinakula bwino, koma zitaleka kuyamwa zinayamba kuonda, kudwaladwala, ndi kufa. Taonani, abale, ici sicinali cimene iye anali kufuna. Wina akadataya mbewazo, nati zamuonongera nchito. Koma iye anaziyang'anitsitsa, napeza kuti mtundu wina wa maselo oyera unacepa kwambiri m'magazi mwao. Pamenepo anatenga khungu la mbewa za mtundu wina, ngakhale la khoswe, nalisokerera pa izo. Thupi lamphamvu limakana khungu lacilendo posacedwa. Koma pa mbewa izi khungu linagwira, nilimera ubweya. Atazibwezera thymus, mphamvu yokana cacilendo inabwerera. Motero anazindikira kuti kaciwalo konyozeka kaja ndiko sukulu ya asilikali a m'thupi, ndipo analengeza zimenezi mu 1961 m'nyuzi ya madokotala, The Lancet.

Musayese kuti onse anabvomera msanga, iai. Peter Medawar, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1960, anali kukayikabe mu 1963 ngati maselo a mu thymus ali ndi nchito yeniyeni. Miller anali ndi zaka 30 zokha pamene analemba, ndipo cimene cinamuimira pamaso pa akulu cinali umboni wa mbewa zace.

Mu 1966 anabwerera ku Australia, ku Walter and Eliza Hall Institute mu mzinda wa Melbourne. Kumeneko, pamodzi ndi wophunzira wace Graham Mitchell, anaonetsa mu 1968 kuti asilikali aja ali a magulu awiri. Gulu limodzi limakhwimira mu thymus, ndilo maselo a T. Lina limakhwimira m'mafuta a m'mafupa, ndilo maselo a B, amene amapanga timankhwala tomanga tizirombo. Anapezanso kuti kawirikawiri a B sacita kanthu popanda a T kuwathandiza. Ku America, Max Cooper anafika pa coonadi comweci pofufuza nkhuku, ndipo awiriwa analandira pamodzi mphotho ya Lasker mu 2019.

Kapena wina afunsa kuti, kodi mbewa za ku London zitikhudza bwanji ife a kumudzi? Nonse mwamva za ciwerengero ca CD4 ku cipatala. Maselo amene amawerengedwawo ndiwo a T othandiza aja, ndipo ndiwo amene kacirombo ka HIV kamaononga. Akacepa, cifuwa cacikulu ndi nthenda zina zimalowa monga afisi m'khola lopanda citseko. Mwa ana athu alipo amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Mphunzitsi wodziwa zimenezi akhoza kuwalimbikitsa, ndi kuletsa anzao kuwaseka.

Potsiriza, ndiri ndi mapempho awiri. Loyamba, pakaphedwa kamwana ka mbuzi kapena thole, pemphani eni ace akuonetseni kanyama kotuwa ka m'munsi mwa khosi ndi pamwamba pa mtima, ndipo ana akaone ndi maso ao. Laciwiri ndi la ife eni. Ine ndibvomera kuti tsiku lina nyemba zimene tinabzala m'zitini zinakana kumera monga buku linanenera, ndipo ndinazitaya mwamanyazi ana asanafunse. Ndinawamana phunziro lopambana la tsiku lija. Akulu anati safunsa anadya phula. Koma nanga mwana adzafunsa bwanji ngati mphunzitsi abisa cimene cadabwitsa? Cinthu cikacitika mosiyana ndi buku, tiime pamenepo pamodzi ndi ana, tifunse cifukwa cace.