Tsiku la 11 Novembala: Mtendere ndi Amithenga Ake

Abale ndi alongo, akulu a mpingo, ndi inu aphunzitsi anzathu: tisanabalalike tifuna kukumbukira pamodzi tsiku limodzi, ndilo la 11 Novembala. Kwathu kuno ndi nyengo yoyang'ana mitambo, makasu ali m'manja. Koma ku Ulaya masamba a mitengo ali kuyoyoka, ndipo chisanu chili pafupi. Tsikuli lili ndi mbiri zambiri. Ife tasankhapo zitatu, pakuti zonsezo zinena chinthu chimodzi.

Yoyamba ndi ya nkhondo. Pa 11 Novembala 1918 Nkhondo Yaikulu inaleka. Akulu a nkhondo analemba pangano m'bandakucha, m'ngolo ya sitima ya pamtunda, m'nkhalango ya Compiègne ku France. Koma anapangana kuti mfuti zidzatonthole pa ola la 11. M'maola otsalawo anthu ambiri anafabe, ndipo msilikali wina wa ku America, Henry Gunther, anaphedwa itangotsala mphindi imodzi.

Kuno ku Africa mauwo anachedwa koposa. Mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anali kudera la Kasama, m'dziko limene lero litchedwa Zambia. Iye analeka kumenyana pa 14 Novembala pa mtsinje wa Chambeshi, napereka zida zake pa 25 Novembala ku Abercorn, ndiko ku Mbala. Kufikira mau atamveka, makolo athu, asilikali a KAR ndi amtengatenga, anali kuyendabe m'thengo, akatundu ali pamutu, njala ndi nthenda zili kuwatha. Mtendere unali utalembedwa kale, koma unali usanawafike. Chipilala cha ku Zomba chisunga chikumbutso cha asilikali amene sanabwerere kwao.

Yachiwiri ndi ya kubadwa. Pa 11 Novembala 1821 anabadwa ku Moscow Fyodor Dostoevsky, mlembi womveka wa ku Russia. M'chaka cha 1849 iye ndi anzake anaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo anawatengera pabwalo ku St Petersburg, asilikali ali chire ndi mfuti. Chonsecho mfumu inali itasintha kale chilango chao, koma iwo sanadziwe. Analawa kuwawa konse kwa imfa kufikira mau a mfumuwo anawerengedwa. Pamenepo anamtumiza ku Siberia, kumene anakhala m'ndende zaka 4, ndipo mabuku ake aakulu anawalemba atabwerako.

Yachitatu ndi ya maliro. Pa 11 Novembala 397 anaika m'manda Martin, bishopu wa ku Tours. Paunyamata wake anali msilikali wa Aroma, ndipo mbiri imati anadula chofunda chake pakati, napatsa wopemphapempha pa chipata cha Amiens. Atakalamba anamva kuti atumiki a mpingo wa ku Candes ali kukangana. Sanatumize kalata ai, koma anapita yekha kukawayanjanitsa. Ndipo komweko anadwala, namwalira pa 8 Novembala. Patapita zaka zoposa 1,000, pa 11 Novembala 1483, khanda lina la ku Eisleben linabatizidwa, nilipatsidwa dzina la tsikulo: ndiye Martin Luther.

Tsono, abale, taonani. Amtengatenga anavutika chifukwa mau anachedwa panjira. Dostoevsky anazunzika chifukwa mau anabisidwa dala. Koma Martin ananyamula mauwo ndi miyendo yake, angakhale inali yofooka.

Kodi pakati pathu palibe amene anakhululukira mbale wake mumtima kalekale, koma kufikira lero sanapite kukamuuza? Mlandu wa malire a munda, wa mbuzi zodya chimanga, wa mau oipa onenedwa pamaliro: inu munauiwala, koma mnzanuyo agonabe ndi nkhondo, ndipo ana ake ayamba kale kuilowa. Akulu amati zengerezu analinda kwaukwau. Mvula ikagwa tonse tidzatanganidwa m'minda. Chifukwa chake tinyamuke isanagwe, tikagogode pakhomo pamene takhala tikupalambalala.