Khutbah ya Lachisanu: Kulapa Sikukwanira Popanda Kubweza

Kuyamikidwa konse nkwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, lero tikamba za anthu omwe sali m'chipembedzo chilichonse. Ku America kuli gulu la anthu osakhulupirira kuti kuli Mulungu, omwe amadzitcha ma humanist. Iwo amati munthu angathe kukhala wolungama potsatira nzeru ndi chikumbumtima chake basi. Bungwe lawo lodziwika, American Humanist Association, lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1941. Pa za Mulungu tikusiyana nawo kotheratu, koma mkangano womwe uli pakati pawo uli ndi phunziro kwa ife.

Ambiri m'gululi ndi azungu. Anthu akuda a m'gululi, monga mlembi Sikivu Hutchinson ndi mphunzitsi Anthony Pinn wa pa Rice University, akhala akuwakumbutsa anzawo kuti kusiya chipembedzo sikuchotsa tsankho mumtima. Ena mwa iwo akufuna kuti gululi lisamangodzudzula tsankho pakamwa, koma lichirikize zoti zidzukulu za akapolo zilandire chipukutamisozi.

Madandaulo awo ali ndi maziko. Dziko la Britain litathetsa ukapolo mu 1833, lidapereka mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, pamene akapolowo sadalandire kanthu. Ku America ukapolo udatha mu 1865. Chaka chomwecho akapolo ena omasulidwa adapatsidwa minda ya maekala 40, koma Pulezidenti Andrew Johnson adalamula kuti mindayo ibwerere kwa eni ake akale. Mu 1989 phungu John Conyers adabweretsa bilu yomwe pambuyo pake idatchedwa H.R. 40 yoti boma lifufuze za chipukutamisozi, ndipo mpaka lero siidakhale lamulo. Komatu kubweza nkotheka. Mu 1988 boma lomwelo lidavomera kupereka madola 20,000 kwa aliyense amene adali akadali moyo mwa anthu a mtundu wa Chijapani omwe lidawatsekera nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 2021 mzinda wa Evanston udavomereza kupereka madola 25,000 kwa anthu akuda omwe adasalidwa pa nkhani ya nyumba.

Asilamu anzathu, funso limeneli Chisilamu chidaliyankha kale. Maulama amatiphunzitsa kuti tauba ili ndi zofunika zitatu: kusiya tchimo, kudandaula, ndi kutsimikiza mtima kuti sudzabwerezanso. Koma ngati walakwira munthu, pali chachinayi: kumubwezera chake kapena kupeza chikhululuko chake. Abu Bakr (RA) sadangomumvera chisoni Bilal (RA) pozunzidwa. Adatulutsa chuma chake namuombola. Ndipo mu Surah Tauba, ndime 60, kumasula akapolo kwatchulidwa pakati pa ntchito za Zakaat.

Nkhani ya ukapolo si ya ku America kokha. M'zaka za m'ma 1800 anthu ankasonkhanitsidwa ku Nkhotakota pansi pa Jumbe ndi ku Karonga pansi pa Mlozi. Ambiri ankaoloka nyanja yathu ino kupita ku Kilwa ndi ku Zanzibar, komwe msika wa akapolo udatsekedwa mu 1873. Ena mwa ochita malondawo ankadzitcha Asilamu, koma dzina silimuyeretsa wopondereza.

Choncho pasapezeke pakati pathu wonyoza mnzake kuti ndi mdzukulu wa kapolo, kapena womukaniza ukwati chifukwa cha mtundu wake. Amene adalanda munda wa ana amasiye aubweze. Mwini chilimira amene adadya malipiro a alovi ake awalipire asadafe. Ngati anthu osayembekezera Tsiku la Chiweruzo akukangana za kubweza, kuli bwanji ife amene tikudziwa kuti tidzaima pamaso pa Allah, pa tsiku lomwe ngongole sidzalipidwa ndi ndalama koma ndi ntchito zathu zabwino?

Allah atikhululukire, atipatse mphamvu yobweza za eni, ndipo ayeretse mitima yathu ku tsankho. Ameen.