Mau Akuti "Mbumba"

 Lero tikambirane za mau amodzi amene timawatchula kawirikawiri kuno kwathu.

Chichewa chathu chili ndi maina a zinthu zikakhala pamodzi. Nkhuni zikamangidwa timati mtolo. Nthochi timati mkoko, ndipo mkoko uli ndi mapava. Ng'ombe zambiri timati msambi. Anthu akadzaza pa msika wa Nsaru timati khamu. Angerezi naonso ali ndi maina otere. Ambiri a iwo analembedwa m'buku lao la m'chaka cha 1486.

Nanga mbumba? Mbumba ndi gulu la anthu, koma si gulu wamba ai.

Tiyerekeze bambo wa ku Kabudula amene ali ndi alongo atatu. Alongowo, ana ao, ndiponso adzukulu obadwa kwa ana aakazi, ndiwo mbumba yake. Iye ndiye mwini mbumba, ndiye nkhoswe. Ana ake omubadwira sali mbumba yake ai. Iwowo ndi mbumba ya alamu ake, ndiye kuti mlongo wa mkazi wake.

Mauwa anachokera kuti? Anachokera ku mwambo wathu wowerengera mtundu kuchikazi. Pa chikamwini mwamuna amakakhala kwao kwa mkazi, koma maso ake amakhala kumudzi kwa alongo ake. Mauwa ndi akale ndithu. Ayao naonso amati mbumba, tanthauzo lake lomwelo. Abemba a ku Zambia amati ibumba ponena khamu la anthu.

Pambuyo pake mauwa anakula. Dr. Kamuzu Banda, amene analamulira dziko lino kuyambira 1964 mpaka 1994, ankatcha amai onse a m'Malawi mbumba zake, iye nkudzitcha nkhoswe yao. Akuluakulu muli panonu mukukumbukira amai ovala nsalu za nkhope yake akuvina pa misonkhano. Lero enanso amati mbumba ponena banja lonse.

Tsono mvetsetsani apa. Mwini mbumba ali ndi ntchito. Mlongo akadwala, amathamangira naye ku chipatala ku Namitete. Mphwake akafuna kukwatiwa, ndiye amaimira ukwatiwo. Banja likagwedezeka, ndiye amakhala pansi ndi ankhoswe anzake. Kukhala mwini mbumba ndiko kusamala anthu.

Koma amalume ena amaiwala zimenezi. Amangokumbukira umalume pa maliro, pofuna njinga, ngolo ndi malata. Enanso, mbale wao akamwalira, amalanda katundu kwa mkazi wamasiye, amati ndi wa mbumba. Dziwani kuti lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo pamodzi ndi ana ake. Kulanda chuma chimenechi ndi mlandu.

Inu abambo, funsani mumtima mwanu: ana a mlongo wanga ali pa sukulu kodi? Adya lero? Mukatero ndiye kuti mauwa mwawamvetsa. 

Mafunso
1. Kodi mbumba ya munthu ndi ndani?
2. Tchulani ntchito ziwiri za mwini mbumba.
3. Lembani maina a anthu a mbumba ya kwanu.